Galimoto za kaunjika: phindu likutsalira yani ku Chigwa cha Shire?

Munthu akaima m'mbali mwa msewu wa M1 pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula kwa ola limodzi n'kumawerenga galimoto zodutsa, apeza kuti n'zochepa kwambiri zomwe eni ake adazigula zili zatsopano. Kupatula zina za boma, za mabungwe ndi za kampani ya shuga ya Illovo, zotsalazo zidatumikirapo kale kwina. Zidayamba ku Japan, zidakhalako ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo pomwe zimatsika mapiri a Chikwawa zimakhala zili m'manja mwa munthu wachitatu kapena wachinayi.

Ena amazitcha galimoto za kaunjika, ndipo dzinali silidaphonye. Monga momwe zilili ndi zovala za pamsika, muluwu uli ndi zabwino ndi zong'ambika, ndipo yemwe wafika mochedwa amasankha pa zomwe anzake asiya.

Komatu palibe angatsutse kuti galimotozi zasintha moyo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Kale munthu amatha kuswera pasiteji kudikira basi kapena lole ya matola. Lero mayi wodwala amafika ku chipatala cha Montfort pa Nchalo, cha Kalemba pa Bangula kapena cha Trinity ku Muona pa Toyota Sienta yomwe wina adagula atagulitsa ng'ombe. Nsomba za ku Elephant Marsh, mbuzi za ku Ngabu ndi mbatata za kudimba zimakafika ku Blantyre tsiku lomwelo.

Nkhani yagona pa ndalama zomwe mabanja akuika m'galimotozi. Kwa mphunzitsi wopuma ntchito, ndi penshoni yake yonse. Kwa mlimi wa thonje kapena chitowe, ndi thukuta la zaka zingapo. Kwa mlimi wa nzimbe wa ku Kasinthula kapena ku Phata, ndi gawo lomwe wakhala akulidikira chaka chathunthu. Ambiri mwa anthuwa sagula galimoto kuti azikayendera kutchalitchi Lamulungu. Amagula kuti izidyetsa banja ndi kulipirira ana sukulu. Ikafa galimoto, khomo lonse lagwa nayo.

Ulendo wake ngwautali

Chomwe chimachititsa kuti dziko la Japan lizitulutsa galimoto zambiri zooneka bwino si chifundo ayi. Kumeneko galimoto yatsopano imayenera kukapimidwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako pamodzi ndi misonkho yake kumadya ndalama zambiri. Mwini galimoto amaona kuti n'kwabwino kuigulitsa n'kugula ina. Mwayi wa Amalawi ngwakuti ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu ngati kuno, choncho chiwongolero chimakhala mbali yoyenera.

Lipoti lomwe nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe ya UNEP idatulutsa mu 2020 lidati pakati pa 2015 ndi 2018, maiko a ku Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja galimoto zing'onozing'ono zogwiritsidwapo kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndiye adalandira gawo lalikulu kuposa chigawo china chilichonse. Lipotilo lidadandaulanso kuti maiko ambiri olandira galimotozi alibe malamulo okhwima oona ngati zili zoyenera kuyenda pamsewu.

Galimoto zambiri zobwera m'dziko muno zimatsikira padoko la Dar es Salaam ku Tanzania. Kumeneko zimapatsidwa nambala yongodutsira yoyamba ndi zilembo za IT, n'chifukwa chake galimoto yongofika kumene anthu amangoti "IT". Dalaivala amaiyendetsa mpaka pachipata cha Songwe ku Karonga, kenako n'kutsika nayo dziko lonse. Pofika pa Nchalo imakhala itayenda pafupifupi makilomita 2,000, ndipo mafuta, malipiro a dalaivala, a wothandiza kuombola katundu pachipata ndi a pazipata zolipiritsa za Kalinyeke ndi Chingeni onse amakathera pamutu pa wogula. Zina zimadzera ku Durban, komwe zimasungidwa podikira ogula a maiko ena chifukwa dziko la South Africa sililola galimoto zakale zakunja kugulitsidwa pamsika wake.

Chodabwitsa n'chakuti doko lalikulu lomwe lili pafupi ndi Nsanje ndi la Beira ku Mozambique. Mu Okutobala 2010, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Bingu wa Mutharika, adatsegulira doko la Nsanje ndi lonjezo loti katundu azidzera mumtsinje wa Zambezi ndi Shire pamtengo wotsika. Sitima sizidabwere. Zotsatira zake n'zakuti munthu wa ku Nsanje, yemwe ali pafupi ndi nyanja yamchere kuposa Amalawi ambiri, ndiye ali kumchira kwa mzere pankhani ya galimoto.

Kwacha ikagwa, yakale imakwera

Galimoto ya ku Japan imagulidwa ndi madola, ndipo apa ndi pomwe pali mutu wa nkhani. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idaichepetsanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi, yomwe imagulidwa pafupifupi K1,180 kubanki, idafika pafupifupi K1,700.

Masamu ake ngosavuta. Galimoto yomwe mtengo wake pofika padoko ndi madola 3,000 imafuna pafupifupi K2.5 miliyoni kumayambiriro kwa 2022, pomwe dola idali chapa K825. Itangotha Novembala 2023, galimoto yomweyo idayamba kufuna K5.1 miliyoni, msonkho usadalowepo, mafuta ochokera ku Dar es Salaam asadawerengedwe. Ndipo awa ndi masamu a munthu yemwe wapeza madola kubanki. Aliyense wochita malonda akudziwa kuti m'zaka zimenezi madola adasowa m'mabanki, ndipo ambiri adakawapeza pamsika wamseri pamtengo wokwera kwambiri.

Pamwamba pa izo pali msonkho wa Malawi Revenue Authority (MRA). Kwa zaka zambiri msonkhowu umawerengedwa potengera mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake: yosaposa zaka 8 imalipira pang'ono, ya pakati pa zaka 8 ndi 12 imakwererapo, yoposa zaka 12 ndiye imalangidwa kwambiri. Panali mikangano yosatha pazipata chifukwa wogula amabwera ndi lisiti lake pomwe a MRA amati galimotoyo njamtengo woposa pamenepo. Mu 2023 boma lidabweretsa ndondomeko yoti galimoto zambiri zakale zizikhala ndi msonkho woikika kale malinga ndi mtundu, chaka ndi injini. Ubwino wake ngwakuti munthu atha kudziwa msonkho asadaitanitse. Koma kudziwiratu mtengo sikuchepetsa mtengowo.

Izi zabweretsa chinthu chomwe makolo sadachione: galimoto yokwera mtengo ikukalamba. Munthu yemwe adagula Sienta mu 2019 atha kuigulitsa lero pa makwacha ochuluka kuposa omwe adagulira, chonsecho waikwezetsa anthu zaka zonsezi. Iye amaona ngati wapindula, ngakhale ndalamazo sizingamugulire ina yofanana nayo. Koma wovulala weniweni ndi yemwe akugulayo. Chifukwa choti IT yathawa m'manja mwa anthu wamba, ogula a m'maboma akutali ndi mizinda akulimbirana galimoto zomwe a m'tauni atopa nazo.

Pakati pa mwini galimoto ku Blantyre ndi mlimi wa ku Miseu Folo pamakhala anthu awiri kapena atatu. Wina ali ndi chithunzi pa WhatsApp, wina amadziwa munthu yemwe wagulitsa ng'ombe, wina ndiye "mlamu wa mwini wake". Aliyense amaikapo yake. Si kuti onse ndi akamberembere; alipo ambiri omwe akudya thukuta lawo moona mtima, ndipo popanda iwo munthu wa ku Tengani sakadadziwa poyambira. Vuto ndi lakuti mkhalapakati amalandira zake tsiku logulitsa, ndipo za mawa sizimukhudza.

Chigwa sichinamizika

Galimoto itha kunamiza wogula pa Ginnery Corner, koma singanamize msewu wa Chikwawa. Kuchoka pa Thabwa kukafika ku Blantyre ndi mtunda waufupi, koma galimoto imachoka pamalo otsika pafupifupi mamita 100 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere n'kukwera mpaka mamita 1,000, m'makona okhaokha. Mu Okutobala ndi Novembala, pomwe kutentha ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, msewu umenewu ndi bwalo la milandu la injini iliyonse. Zomwe zimaima m'mbali boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo, n'zomwe zalephera mlandu.

Sienta idapangidwa kuti izinyamula anthu asanu ndi awiri, ndipo injini yake ndi ya malita 1.5 basi. Ku Japan imanyamula bambo, mayi ndi ana pamsewu wosalala. Kuchigwaku anthu amapanikizana mpaka kutsogolo, kumbuyo kuli matumba a chimanga, nthawi zina ndi mbuzi yomwe. Zoyamba kulira ndi mashoko, kenako giyabokosi. Zambiri mwa galimotozi n'za otomatiki za mtundu wa CVT, womwe umafuna oyilo wakewake. Makaniko wosadziwa akathiramo oyilo wamba, giyabokosi imayamba kuterera, ndipo mtengo wogulira ina utha kumeza phindu la miyezi yambiri.

Palinso kanthu kena komwe anthu ambiri sakaganizira. Mijigo yambiri ya m'chigwachi imatulutsa madzi amchere. Dalaivala akaona kuti injini yatentha amathamangira pamjigo n'kudzaza radiyeta. Madzi otere amadya zitsulo m'kati n'kutseka timipata ta radiyeta pang'onopang'ono, ndipo mapeto ake ndi kupsa kwa gasiketi. Madzi apadera oziziritsira injini omwe amakaniko amati kulanti amaoneka odula, koma mtengo wake sungafanane ndi wotsegula injini.

Potsika phiri nkhani imakhala ya mabuleki. Dalaivala yemwe amapondereza buleki kuchokera pamwamba mpaka pansi, osagwiritsa ntchito giya yotsika, amawatenthetsa mpaka amasiya kugwira. Apa sipakhalanso nkhani ya ndalama koma ya miyoyo, ndipo anthu a ku Chikwawa safuna wina wowauza zomwe zakhala zikuchitika m'makona amenewa.

Kenako pali madzi osefukira. Chigwachi chidamira mu Januwale 2015, chidamiranso mu Malichi 2019, ndipo namondwe wa Ana mu Januwale 2022 adadula msewu wa M1 m'malo angapo, adaononga mlatho wa Chapananga komanso damu la magetsi la Kapichira. Chaka chotsatira, mu Malichi 2023, Freddy adabwera kudzamalizitsa, ndipo ulendo uno mzinda wa Blantyre nawo udakhudzidwa kwambiri. Galimoto zomwe zidamira m'zaka zimenezi sizidatayidwe zonse. Zina zidatsukidwa, zidauma, ndipo zikusinthana manja.

Galimoto yomwe idamwa madzi imalira bwinobwino tsiku logula. Matenda ake amatulukira pakapita miyezi, mawaya akayamba kuchita dzimbiri ndipo kompyuta ya injini ikayamba kusokonekera. Amakaniko odziwa ntchito sayamba n'kumvetsera injini. Amatukula kapeti, amayang'ana njanji za pansi pa mipando, amasuzumira mogona tayala la sipeya ndi kukoka lamba wa pampando mpaka kumapeto, kufuna matope ouma, dzimbiri ndi fungo la chinyontho. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayileji nayo siyodalirika kwenikweni chifukwa imabwezedwa. Galimoto yomwe ikuonetsa makilomita ochepa koma chiwongolero chili chosalala ngati mphini ya khasu, zopondera zitaperepeseka, ikunena zoona kuposa nambala zili pawotchiyo.

Chitsulo n'chako, mapepala nga wina

Ngakhale zili choncho, injini yofooka imakonzeka. Chomwe chasaukitsa anthu ambiri mwakachetechete ndi mapepala.

Kuchigwaku malonda ambiri amathera pansi pa mtengo. Wogula amapereka ndalama, wogulitsa amapereka makiyi ndi bulubuku, mboni ziwiri zimasaina papepala la m'kope, basi. Ndi momwe anthu amagulitsirana ng'ombe, ndipo pa ng'ombe zimayenda. Koma pamaso pa boma, mwini galimoto ndi yemwe dzina lake lili m'kaundula wa nthambi yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Kuyambira 2015, pomwe nthambiyi idakhazikitsa kaundula wa pakompyuta wa MalTIS wogwiritsa ntchito zidindo za zala, kusintha umwini kumafuna kuti wogulitsa ndi wogula onse akhale odziwika m'kaundulamo ndipo wogulitsayo avomereze.

Tsono taganizani galimoto yomwe yadutsa m'manja anayi popanda kusintha dzina. Yemwe ali m'kaundula adasamukira ku Johannesburg, kapena adamwalira ndipo abale akukanganirana chuma chamasiye. Wogula wa ku Nsanje ali ndi chitsulo, koma mwalamulo alibe galimoto. Sangaigwiritse ntchito ngati chikole kubanki, ndipo ikachita ngozi kapena ikabedwa, kulongosola nkhani ku kampani ya inshulansi kumasanduka chintchito. Ambiri akafika apa amagwa m'manja mwa madobadoba, omwe amalonjeza njira yachidule koma nthawi zina mapepala omwe amabweretsa amakhala achinyengo.

Misampha ina njokhudza msonkho. Galimoto yomwe idalowa m'dziko muno mosalipira msonkho chifukwa mwini wake adali ndi chilolezo chapadera siyenera kugulitsidwa popanda kudzera ku MRA. Chimodzimodzinso galimoto ya nambala yakunja yomwe idalowa ndi chilolezo cha mlendo cha masiku owerengeka. Maboma a Chikwawa ndi Nsanje adachita malire ndi dziko la Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi pachibale, amalankhula Chisena chimodzi, amakwatirana ndi kuikana maliro. Kugula chinthu kwa msuweni wa ku Mutarara sikuoneka ngati mlandu. Koma a MRA akaipeza galimoto yotere amailanda, ndipo safunsa kuti adakugulitsani ndani kapena mudalipira zingati.

Galimoto itha kukhalanso chikole cha ngongole. Lamulo la 2013 la Personal Property Security Act lidakhazikitsa kaundula ku ofesi ya Registrar General momwe obwereketsa ndalama amalembetsa katundu yemwe waikidwa chikole, ndipo munthu atha kufufuzamo asadagule. Kupolisi nako kuli nthambi yomwe imaona ngati nambala ya injini ndi ya tchesisi zikugwirizana ndi mapepala komanso ngati galimotoyo sikufunidwa kwina, zomwe n'zofunika kwambiri pa galimoto zochokera ku South Africa. Zonsezi zimafuna ulendo, nthawi ndi kandalama pang'ono. N'zomwe wogulitsa wachangu amadana nazo. Mawu akuti "pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano" agulitsa galimoto zambiri zowola kuposa chithunzi chilichonse.

Oitanitsa okha ku Japan apulumuka zina mwa izi koma ali ndi zawo. Makampani akuluakulu monga BE FORWARD ndi SBT Japan ndi odziwika m'dziko muno, ndipo anthu ambiri adagulako bwinobwino. Koma mbava nazo zimadziwa maina amenewa, moti zimatsegula masamba a paintaneti ofanana nawo n'kupereka akaunti yawoyawo. Ndalama zikapita kunja kwa dziko, kuzibweza n'kovuta kuposa kutsatira wakuba mbuzi.

Masamu a pasiteji

Atagula, banja limakhala pansi n'kuwerengera tageti yomwe dalaivala azibweretsa patsiku, n'kuichulukitsa ndi masiku 30. Pepala limaonetsa kuti pakutha pa chaka ndalama zibwerera. Koma pepalalo silidziwa za masiku omwe galimoto ili kugalaja kudikira sipeya wochokera ku Limbe. Silidziwa za matayala, inshulansi, COF, nambala yofiira ndi ziphaso zonyamulira anthu, kapena chindapusa cha apolisi apamsewu. Silidziwanso za masabata omwe dalaivala amagona pamzere wa mafuta, monga zidachitikira mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, kapena kugula a m'zigubu pamtengo wowirikiza.

Mpikisano nawo wakula. Njinga zamoto za kabaza zatenga maulendo afupiafupi omwe kale amadzaza galimoto, ndipo zimafika komwe Sienta, yomwe mimba yake ili pafupi ndi nthaka, singafike. Kutsidya la kum'mawa kwa Shire, msewu wochoka pa Thabwa kudzera ku Livunzu mpaka ku Fatima umadukizadukiza ndi mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo nthawi ya dzinja. Njira yochoka pa Bangula kupita ku Makhanga idadulidwa ndi madzi mu 1997, ndipo anthu adazolowera kuwoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato. Ndiye kuti galimoto zambiri zimaunjikana pamsewu umodzi wa M1, kulimbirana anthu omwewo.

Ndalama za m'chigwachi nazo zili ndi nyengo. Zimaoneka thonje ndi chitowe zikagulitsidwa komanso nthawi yodula nzimbe, kenako zimazimirira. Ogulitsa galimoto amaidziwa kalendala imeneyi kuposa alangizi a zaulimi. Pakati pa chaka, alimi ali ndi kangachepe m'thumba, galimoto zimatsika phiri zitatsukidwa bwino, matayala atapakidwa polishi. Pofika Januwale ndi Febuluwale, njala ili pakhomo, fizi ya teremu yachiwiri ikufunika ndipo wakatapila kapena a banki m'khonde akugogoda, galimoto zomwezo zimakhala pamsika kachiwiri. Ulendo uno wogulitsa ndi mlimi uja, ndipo mtengo amatchula ndi wogula.

Si onse omwe amagwa. Omwe akuoneka kuti zikuwayendera ali ndi zofanana: ambiri amayendetsa okha kapena amapatsa mwana wa m'nyumba, adatenga makaniko wawo popita kukagula osati wa wogulitsa, adasintha dzina m'kaundula asadamalize kulipira, ndipo sadathere ndalama zonse pamtengo wa galimoto. Ena adasankha kalole kakang'ono m'malo mwa galimoto yonyamula anthu, poona kuti njerwa, mchenga, thonje ndi ng'ombe sizitha ndipo sizikangana ndi kondakitala za tchenji.

Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ikuchokera ku Kapichira, ikupereka chiyembekezo choti mtsogolo muno katundu wofuna kunyamulidwa adzachuluka ndipo ndalama sizidzadikiranso mvula. Zikadzatero, ofuna galimoto adzachulukanso, ndipo ogulitsa a ku Blantyre sadzachedwa kumva.

Pakadalipano, kuseri kwa magalaja a pa Nchalo ndi pa Bangula kuli galimoto zokhala pa njerwa, matayala atachotsedwa, nkhuku zikuikira pansi pake. Zina zili ndi nambala za CK ndi NE, koma zambiri zikadali ndi nambala za maboma ena, mwinanso m'maina a anthu omwe sadapondeko ku Chikwawa. Amakaniko amazigula motchipa n'kumazigulitsa chiwalo chimodzichimodzi: lero chitseko, mawa sitata, mkuja galasi lakutsogolo.